Chaka cha Timu Yaing'ono Kunyanja: Kuchokera ku Malipenga Kufika ku Ligi

Munthu wofuna kumvetsa momwe timu yaing'ono ya mpira imayambira ndi kumalizira chaka chake m'mbali mwa nyanja kuno, kuchokera ku Tukombo kudzera ku Kande ndi Chintheche mpaka ku Mpamba ndi Usisya, ayambe wafunsa akuluakulu za malipenga. Ndikunena izi ngati munthu amene ndinasungapo buku la ndalama la timu ya kwathu ndili mphunzitsi wa pulayimale, timu yomwe sinapitirirepo ligi ya m'boma. Ndikunenanso ngati mdzukulu wa munthu amene anali kalaliki wa gulu la malipenga. Buku la agogo lidakalipo, ngakhale chiswe chinadya m'mbali. Mitu ya m'buku lawo ndi ya m'buku langa njofanana: mayina a osonkha, ndalama zochokera kwa abale okhala kunja, zovala, chakudya cha alendo ndi chindapusa cha ochedwa.

Mpira weniweniwo unabwera ndi sukulu. Mu 1881 Dr Robert Laws anasamutsa mishoni ya Livingstonia kuchoka ku Cape Maclear kubwera nayo ku Bandawe, ndipo Atonga anailandira sukulu ndi manja awiri. Laws atakwera ku Khondowe mu 1894, Bandawe inatsala ikubala masukulu a m'midzi. Amishoniwa anali ochokera ku Scotland, dziko lomwe mpira unali utazika kale mizu, ndipo aphunzitsi amene iwo anasula ndiwo anafika nawo masewerowa kumidzi pamodzi ndi masileti ndi nyimbo za m'tchalitchi. Chizindikiro chake chilipo mpaka lero. Pafupifupi bwalo lililonse lomwe timu za kuno zimasewerapo ndi la sukulu, ndipo komiti yanzeru imayamba yagwirizana ndi ahedi isanagule ngakhale mpira umodzi.

Sukulu yomweyo inatsegula njira ya kunja. Mnyamata wodziwa kulemba ndi kuwerengera sankaona chomukhazika pamudzi wa chinangwa ndi usipa, pomwe ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku Joni ankafuna makalaliki, akapitawo ndi ophika. Ambiri ankapita paokha, ulendo wa selefu, osadikira Wenela. Clements Kadalie, wobadwira ku Chifira pafupi ndi Bandawe mu 1896, anakafika mpaka ku Cape Town komwe anayambitsa bungwe la apantchito la ICU mu 1919. Katswiri wina, Jaap van Velsen, amene anakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950 n'kutulutsa buku lake mu 1964, anapeza kuti nthawi ina iliyonse amuna oposa theka amakhala ali kunja kwa dziko. Mudzi wotere umaphunzira kuyendetsa zinthu zake ndi anthu ochepa amene atsala komanso ndalama za anthu ambiri amene ali kutali.

Malipenga anakula m'dothi limeneli itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Anyamata a mudzi umodzi kapena midzi ingapo ankapanga gulu lawo lomwe ankalitcha boma, lokhala ndi mfumu yake, akapitawo, dokotala, manesi ndi kalaliki. Ankavala makabudula oyera osita bwino, masokosi ofika m'mawondo ndi nsapato zopukuta, ndodo ili m'manja, akuliza zipanda zawo kutsogolo kwa ng'oma yaikulu. Zovalazo kawirikawiri zinkachokera kwa achimwene a ku Halale kapena ku Joni. M'chilimwe boma lina linkaitana linzake, alendo n'kuyenda mtunda wautali wapansi kapena pabwato, eni mudzi n'kuwaphikira ndi kuwapezera pogona. Chaka chinacho oitanidwa aja ankabweza. Panali kukonzekera kwa milungu yambiri, panali mpikisano, panali kunyozana kwa m'nyimbo, panalinso manyazi a mudzi wonse ngati anyamata ake avina mosalongosoka. Amayi ndi atsikana anali ndi chawo, chilimika, cha pa Chaka Chatsopano pomwe machona ena amabwera kudzaona kwawo.

Choncho timu za mpira zitayamba kuchoka m'manja mwa sukulu n'kukhala za midzi, panalibe chachilendo choti anthu aphunzire. Kusewera pakhomo ndi koyenda ankakudziwa kale. Yunifolomu yofanana ankaidziwa. Komiti, kusonkha ndi kulembera kalata achibale a kunja zinali zozolowereka. Chomwe chinasintha ndi komwe maso a achinyamata ankayang'ana. Wayilesi ya MBC itayamba mu 1964, ndipo bungwe la FAM litakhazikitsidwa mu 1966, mayina a Bullets ndi Wanderers anayamba kumveka pansi pa mitengo ya mango kuno. Malawi itatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 n'kudzachitetezanso mu 1979, mwana aliyense wa kusukulu kwathu ankafuna kutchedwa Kinnah Phiri. Nthawi yomweyo njira ya kumigodi inali ikutsekeka. Ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi ochokera kumigodi, Kamuzu analetsa Wenela, ndipo TEBA yomwe inalowa m'malo mwake inasiya kulemba anthu kuno mu 1988. Anyamata anachuluka pamudzi, ndipo madzulo ankathera pabwalo.

Mpira woyamba wa ambiri a ife sunali wachikopa. Kumadera ena ana amakulunga mapepala apulasitiki ndi zingwe, koma ife tinali ndi mwayi wa esiteti ya Vizara, pakati pa Chintheche ndi Nkhata Bay. Utomoni wa labala wouma pamtengo tinkaukoka n'kuukulunga mpaka utakhala mpira wozungulira, ndipo mpaka lero mukamadutsa pamsewu wa M5 mudzaona anyamata akuinjanjitsa m'mbali mwa msewu kuti mugule. Mpira umenewu ngwopepuka ndipo umadumpha mopanda ulemu. Ukaumenya mwamphamvu umakathera m'munda wa chinangwa. Mwana amene waphunzira kuukhazika pansi ndi phazi lopanda nsapato, pamchenga, akadzagwira mpira wa m'sitolo amaona ngati akumupatsa ntchito yopepuka. Luso kuno silinasowepo. Zomwe zimagwetsa timu zathu zili kwina, ndipo zimaoneka bwino munthu akatsata chaka chimodzi kuyambira pachiyambi.

Chaka cha timu chimayamba mvula ikadagwa, ndipo kuno imachedwa kusiya. Mu Malichi ndi Epulo, anzathu a kumtunda akuganiza zokolola, ife tikadali m'matope. Bwalo limakhala litamera udzu wofika m'chiuno, ndipo zokonzekera zoyamba ndi zikwakwa. Mapolo a golo amene chiswe chadya amasinthidwa ndi mitengo ya bulugamu, ukonde wakale wa asodzi umasokedwa kukhala neti, mizere imathiridwa ndi phulusa ngati laimu wasowa. Kenaka pamabwera msonkhano waukulu woyamba, womwe nkhani yake ndi imodzi: ndalama yolembetsera timu ku ligi ndi ya makadi a osewera. Pamsonkhano umenewu aliyense amalonjeza. Mwini golosale amalonjeza, mwini zilimira amalonjeza, a ku Joni amatumiza uthenga woti tisadere nkhawa. Msungichuma wozindikira amalemba malonjezowo ndi pensulo, ndalama zolowa n'kumalemba ndi bolopeni.

Ulendo woyamba wokasewera koyenda umakhala wachisangalalo. Galimoto yake inkakhala lole yomwe masiku ena onse imanyamula usipa kupita nawo ku Mzuzu, ndipo fungo silinkachoka ngakhale titatsuka ndi madzi a m'nyanja. Dalaivala ankafuna ndalama ya mafuta m'manja asanalize injini. Osewera ankakhala pakati, pamatumba, masapota atazungulira m'mbali, aliyense atalipira kangachepe kuti mafuta akwanire. Amayi ankatipakirira kondowole m'beseni lovundikira ndi chitenje, usipa wootcha uli m'poto, chifukwa kudyetsa anthu makumi awiri m'lesitilanti kukanatha ndalama ya masewero awiri. Tikafika, anyamata ankatsika miyendo itachita dzanzi, n'kupatsidwa mphindi zochepa zodziwongola woimbira asanalize wezulo. Timu za ligi ya chigawo zomwe zimakwera phiri kupita ku Mzuzu kapena ku Mzimba mu Juni zimakumananso ndi chisanu chomwe mwana wa kunyanja sanachizolowere. Ngongole imeneyi timabweza mu Okutobala, alendo akatsikira kuno n'kuyamba kupempha madzi chigawo choyamba chisanathe.

Pali chinthu china chomwe olemba ndandanda wa masewero ali m'tauni sachiwerengera: mwezi wakumwamba. Usipa amaupha usiku ndi nyali, ndipo umagwidwa bwino kukakhala mdima. Theka la timu yathu linali la anyamata okoka chilimira. Mwezi ukakhala mumdima, ndalama zinkaoneka m'matumba, koma Loweruka anyamata ankabwera pabwalo maso ali gwa, atachezera panyanja usiku wonse. Mwezi ukawala, ankabwera atagona mokwanira, koma wosonkha panalibe. Mwera ukayamba kuwomba pakati pa Meyi ndi Ogasiti, mabwato n'kukhala pamtunda masiku angapo, pabwalo la zokonzekera pankadzaza kuposa nthawi ina iliyonse, bokosi la timu lili mbee. Kochi wathu, bambo wachikulire amene anaphunzira mpira ali ku Bulawayo, ankati akalandira ndandanda ankayamba wayang'ana kalendala ya mwezi, kenaka n'kunena masewero omwe tipambane ndi omwe tingopita kukakwaniritsa lamulo. Sankaphonya kawirikawiri.

Anzathu a ku Usisya mavuto awo ngoposa apa. Msewu wawo wotsika phiri kuchokera cha ku Mzuzu umavuta mvula ikagwa, ndipo njira ina ndi ya pamadzi: boti, kapena Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951 koma ili ndi masiku ake omwe sagwirizana ndi masiku a ligi. Timu ya kumeneko ikafika pabwalo nthawi yake, yapambana kale mpikisano umodzi womwe supatsa mapointi.

Pakati pa chaka m'pamene timu yaing'ono imaonekera msana. Malonjezo a pensulo aja amakhala atafufutika. Wosewera wodalirika amabwera madzulo ena kudzatsanzika kuti achimwene ake amutumizira ya basi, mawa akulowera ku Joni kapena ku Dar es Salaam, ndipo palibe amene angamuletse, pakuti timu simulipira kanthu koposa ya sopo. Wina amatengedwa ndi timu ya m'tauni. Ife tinatulutsapo mnyamata wogoletsa zigoli kwambiri, ndipo chomwe tinalandira ndi mipira iwiri ndi lonjezo la masewero apaubale omwe sanachitike. Ikafika sabata yomwe ya mafuta yasoweratu, timu imalephera kuyenda, mapointi atatu amapita kwa eni bwalo osatuluka thukuta, chindapusa n'kubwera pamwamba. Timu zambiri zomwe ndinaziona zikutsika kapena kutha sizinagonje chifukwa chosadziwa mpira. Zinagonja Lachisanu madzulo, pamsonkhano wa komiti.

Masewero a pakhomo nawonso sabweretsa zambiri. Bwalo la sukulu lilibe mpanda, ndiye ndalama za pachipata zingachokere kuti popanda chipata? Tinkazunguliza chingwe, atsikana awiri n'kumayenda ndi mbale pakati pa anthu. Ena ankaponyamo, ena ankayang'ana kumbali, ena ankaonera ali m'mitengo. Zotolerazo zinkayamba zalipira oimbira, zotsala n'kugula madzi ndi malalanje. Koma pabwalo pankadzaza. Ng'oma zomwe zija za malipenga zinkabwera, amayi ankaimba nyimbo za chilimika atasintha mawu kuti anyoze goloboyi wa alendo, ndipo chigoli chikalowa bwalo lonse linkathamangira mkati, woimbira n'kudikira kuti fumbi litsike. Zokhulupirira mankhwala nazonso zinalipo, ndipo ndinakanganapo ndi komiti pofuna kudziwa kuti ndalama ya "kukaonana ndi agogo" ndiilembe pamutu uti.

Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, panabweranso mabonanza. Chaka cha chisankho chikayandikira, ofuna mpando amakhazikitsa zikho zawo, mphotho zake zooneka, ma jezi atalembedwa dzina la wopereka. Sindinganyoze zonse, chifukwa timu zambiri za m'midzi zinavala yunifolomu yoyamba yathunthu kudzera m'njira imeneyi. Koma bonanza imatha pa masabata ochepa, ndipo imazolowetsa anyamata kuthamangira komwe kuli envulopu, kusiya masewero a ligi. Mavoti akawerengedwa, chikho chija sichimvekanso. Zothandiza kwenikweni zinali zikho zokhala ndi dongosolo loyambira m'maboma, monga Presidential Cup yomwe inayamba mu 2009 nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndi Castel Challenge Cup yomwe inayamba mu 2023. Izi zinapatsa timu ya kumudzi njira yodziwika yokakumanirana ndi akuluakulu.

Pamwamba pa ligi ya m'boma pali ligi ya chigawo cha kumpoto, yomwe kwa zaka zambiri inkathandizidwa ndi Bishop Abraham Simama mpaka anthu anangoitcha ligi ya Simama. Wopambana kumeneko ndiye ankalowa mu Super League, yomwe inayamba mu 1986. Taonani mayina a timu zomwe zakwera m'zaka zaposachedwapa: Mzuni, Karonga United, Chitipa United, Ekwendeni Hammers, Rumphi United, Baka City, Songwe Border United. Zina zinali ndi sukulu yaukachenjede kumbuyo kwake, zina zili m'matauni a pafupi ndi malire komwe kuli amalonda ndi ndalama zoyenda tsiku ndi tsiku, zina zili pafupi ndi bwalo lampanda la Mzuzu, Karonga kapena Rumphi. Ngakhale zili choncho, zingapo mwa izo zinatsikanso patangotha chaka chimodzi. Chimenechi chikusonyeza kukula kwa phompho lomwe lili pakati pa ligi ya chigawo ndi ligi yaikulu.

Kuno mbiri inatimana nsanamira zoterozo. Chintheche ndiyo inali boma la West Nyasa m'nthawi ya atsamunda, koma maofesi anasamukira ku Nkhata Bay. M'zaka za m'ma 1970 kunamveka za fakitale yaikulu ya mapepala yomwe imayenera kumangidwa ku Chintheche kuti izigwiritsa ntchito mitengo ya ku Chikangawa, koma sinamangidwe. Tikayang'ana kummwera, ku Dwangwa, tikuona chomwe kampani imodzi yaikulu imachita: shuga anabala bwalo la Chitowe ndi timu ya Dwangwa United yomwe yasewerapo mu Super League. Ife chuma chathu chili m'madzi, m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, ndi m'matumba a ana athu okhala kunja. Chuma chotere chimabwera mwa apo ndi apo, pomwe ligi imafuna ndalama sabata iliyonse.

N'chifukwa chake chaka cha 2025 n'chofunika kuchilemba. FAM, motsogozedwa ndi Fleetwood Haiya amene anasankhidwa mu Disembala 2023, inakhazikitsa National Division League mothandizidwa ndi NBS Bank, ligi ya dziko lonse yokhala pakati pa ligi za m'zigawo ndi Super League. Mwa timu 12 zoyamba munali Chintheche United, pamodzi ndi Chilumba Barracks, Jenda United ndi Baka City kuchokera kumpoto. Dzina la Chintheche linayamba kuwerengedwa pawayilesi pamzere umodzi ndi Red Lions ya asilikali a ku Zomba, Bangwe All Stars ya ku Blantyre ndi FOMO ya ku Mulanje, timu zomwe zinalawapo Super League. Kwa ife amene tinakula tikukwera malole a usipa, chimenechi sichinali chaching'ono.

Koma walira mvula walira matope. Kuchoka ku Chintheche kukafika ku Mulanje ndi makilomita oposa 500, ulendo wofuna basi, malo ogona ndi chakudya cha masiku angapo. Izi zinadza kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta akusowa mpaka magalimoto kugona pamizere. Ligi yapamwamba imafunanso bwalo lampanda, makochi a mapepala ndi mapangano olembedwa a osewera. Thandizo la kampani limachepetsa katunduyu, koma silimuchotsa. Timu iliyonse ya kunyanja kuno yomwe idzakwere kufika pamenepo idzakumana ndi funso lomwe lija la Lachisanu madzulo, kungoti manambala ake adzakhala aakulu.

Yankho lake, mwa kuona kwanga, makolo athu anali nalo. Boma la malipenga silinkadalira munthu mmodzi wolemera. Aliyense ankasonkha pang'ono, nthawi zonse, ndipo kalaliki ankaimirira pagulu n'kuwerenga mokweza dzina lililonse ndi ndalama iliyonse, yolowa ndi yotuluka. Munthu ali ku Bulawayo ankatumiza masokosi ndi mtima wokhazikika chifukwa ankadziwa kuti kalata yobwerera idzamuuza amene wavala. Lero kutumiza ndalama n'kosavuta kuposa kale. Ana athu a ku Cape Town ndi Johannesburg ali m'magulu a WhatsApp, ndipo ndalama imafika tsiku lomwelo pa Mukuru kapena Airtel Money. Chomwe chimawagwetsa ulesi ndi kusamva komwe ndalama yapita. Ndinaona ndekha kuti mwezi womwe tinkajambula tsamba la buku n'kulitumiza pagulu, zopereka zinkakwera. Mwezi womwe tinkangolemba kuti "abale tithandizeni", foni inkangoti zii.

Palinso buku lina lomwe tikulisowa, la mbiri. Timu zambiri zabadwa ndi kufa pakati pa Tukombo ndi Usisya popanda wolemba chaka chomwe zinayamba, amene anazisewerera, ngakhale zigoli za masewero omwe anthu amakambabe pamaliro ndi pamaukwati. Akuluakulu amene akudziwa zimenezi akutha mmodzimmodzi.

Pempho langa likupita kwa makomiti, mafumu athu a Malengamzoma, Fukamapiri, Timbiri ndi M'bwana, ndi inu a kunja. Timu iliyonse ikhale ndi mamembala olembedwa osonkha mwezi ndi mwezi, ndipo buku liziwerengedwa poyera. Dera lathu ligwirizane pa bwalo limodzi loti limangidwe mpanda, m'malo moti mudzi uliwonse uzilota lakelake. Mphunzitsi mmodzi pasukulu iliyonse yokhala ndi bwalo atenge kope, akhale pansi ndi osewera akale, alembe zomwe akukumbuka. Zonsezi sizifuna kudikira kampani kapena chaka cha chisankho, ndipo zikhoza kuyamba pamsonkhano woyamba wa chaka chikubwerachi.